Kamba wa Tadala M'katoni ya Nsapato

Sendererani kuno, amayi anzanga. Kokani mipandoyo ifike pafupi, mawu anga safikanso patali ngati kale. Ana asiyeni azisewera kunsi uko. Tikamamva phokoso lawo ndiye kuti ali bwino. Amake Yamikani, mbalezo mutsuka nthawi ina, khalani pansi. Nkhani iyi inuyo mulimo, musaithawe.

Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimakakamizira aliyense wonyamuka ulendo pagulu lathu lino, kaya akupita ku Chicago kaya kuti, kuti anyamule nkhuku yokazinga m'katoni ya nsapato. Ena mumaseka, ndimakuonani. Lero ndikuuzani. Katoni ngati imeneyo ndi imene inandikhazika kuno ku Indiana, chifukwa ine ndinali nditatsimikiza kale zobwerera kwathu ku Balaka, poti mdzukulu wanga sankadya za m'manja mwanga. Koma kuti mumvetse, ndiyambire pa ulendo wanga woyamba.

Ndikukumbukira tsiku limene ndinakwera sitima koyamba. Zaka musandifunse, panalibe amene analemba. Ndinali msinkhu wotha kusenza kamtsuko kuchokera kudambo, koma mano ena anali asanamere. Dziko linali likadali m'manja mwa azungu, likutchedwa Nyasalande. Bambo anga ankachapa ndi kusita zovala kwa mzungu wina ku Limbe, ndipo chaka chimenecho, chimanga chitalowa m'nkhokwe, amayi anati tikawaone.

Tsiku loti mawa ndi ulendo, amayi anapha nkhuku n'kuikazinga ndi mchere mpaka kuuma gwa, kuti isasase panjira. Anaphika mazira, anaotcha mbatata, anakazinga mtedza. Zonse anazikulunga m'masamba a nthochi ofewetsa pamoto, n'kuziika m'kadengu, n'kumanga ndi nsalu. Ameneyo ndiye kamba wa paulendo. Kwathu munthu sankapita kutali wopanda kamba. Kumulola kutuluka chimanjamanja kunali ngati kumuthamangitsa pamudzi.

Sitima inabwera ikupuma ngati ng'ombe yotopa, utsi uli tolotolo, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa nsalu ya amayi. M'ngolo zathu munali mabenchi a matabwa, mitolo ya nzimbe, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi fungo la nsomba zouma losakanikirana ndi thukuta. Phulusa la malasha linkalowa n'kumatithothola m'maso. Ngolo za azungu ndinangoziona kunja, zili ndi makatani oyera. Nditafunsa amayi kuti m'menemo mumagona ndani, anati, "Tseka pakamwa, utsi ungalowe." Dzuwa litakwera anamasula kadengu kaja n'kugawira onse amene tinakhala nawo benchi imodzi, ngakhale nkhalamba ina imene inatiponda zala pokwera.

Ku Limbe bambo anatilandira, malaya awo ali osita kuti m'mphepete mwake mungadulire tomato. M'mawa mwake anapita kuntchito, ndipo ine ndi amayi tinalowa m'tauni kukagula sopo ndi shuga. Tinafika pa sitolo ina yaikulu ya khonde lalitali. Pamenepo mphuno yanga inakumana ndi chinthu chimene inali isanachidziwe, fungo la buledi wotentha. Amayi anaima kuti akonze nsalu, ine ndinasiya dzanja lawo, n'kukwera masitepe, n'kulowa pakhomo lalikulu.

M'kati munali mozizira bwino. Pansi pankaterera ngati mwala wa kumtsinje, ndipo pa tebulo lalitali panali mabotolo a maswiti, ofiira, obiriwira, achikasu. Kamtsikana kachizungu ka msinkhu wanga kanayang'ana mapazi anga, ine ndinayang'ana nsapato zake. Kuseri kwa tebulo kunali dona wamkulu. Tsono ine, mwana woleredwa bwino, ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa ukalowa m'nyumba ya eni: ndinagwada pansi, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, n'kupereka moni.

Dona uja anakuwa mawu amodzi. Nthawi yomweyo mwamuna wina wakuda, wovala kabudula wa khaki, anandinyamula m'khwapa ngati mwana wa mbuzi n'kundituluka nane. Sanandimenye ayi. Ponditula pansi anandinong'oneza kuti, "Mwanawe, ukufuna kundichotsetsa ntchito? Ife kwathu n'uko." Ndinayang'ana kumene ankaloza. Silinali khomo. Linali kazenera kakang'ono m'mbali mwa nyumba, pafupi ndi ngalande, ndipo anthu anali atandanda padzuwa, amuna zipewa zili m'manja.

Amayi sanandikalipire. Anandigwira dzanja, tinakaima kumapeto kwa mzere. Mzungu akalowa kukhomo lalikulu, manja a wogulitsa pazenera paja ankasowa, ife n'kumadikira. Akatuluka, manja ankabwerera. Dzuwa linafika paliwombo. Titafika kutsogolo, amayi anayang'ana kazenera kaja, anayang'ana ine, mawondo anga akadali ndi fumbi, ndipo anatembenuka osagula kanthu.

Tinakakhala pansi pa mtengo pafupi ndi njanji. Amayi anamasula kadengu, m'mene munali mutatsala mbatata, dzira limodzi ndi khosi la nkhuku. Anasenda dziralo n'kundipatsa. Anati, "Idya, Esitere. Ichi ndaphika ndekha, palibe amene atipatsire pazenera." Ndadya zambiri m'moyo wanga, za m'ndege zomwe, koma khosi la nkhuku limenelo likadali pakamwa panga. Sopo uja bambo anakagula okha kwa mmwenye.

Zaka zinadutsa. Dziko linakhala lathu, ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinaika mwamuna wanga m'manda. Kenako mwana wanga Joyce, amake Tadala, amene ndi namwino ku South Bend, mzinda wa kumpoto kwa Indiana, anandiitana kuti ndidzakhale nawo. Tadala anali atafika kale ku sekondale. Mwanayu anabwera kuno ali wakhanda, choncho Chichewa ankamva koma kuyankha ayi. Ndikati, "Wadzuka bwanji, mwana wanga?" ankangoti, "Fine, Agogo," m'makutu muli tizingwe ta nyimbo. Ndikaphika, ankakankhira mbale pambali mwaulemu n'kukatsegula katoni ya pitsa. Sanali mwana wamwano. Tinkangodutsana ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi.

Joyce kuntchito, bambo ake a Tadala kuyunivesite, mwana kusukulu. Ine tsiku lonse ndinkaima pazenera la pabalaza kuonerera sinowo ikugwa, n'kumadziseka kuti taonani, ndakalamba ndikadali pazenera. Tsiku lina ndinamuuza Joyce kuti, "Kukangofunda, undigulire tikiti. Mwana sadya za m'manja mwanga, ndikhalirenji?" Joyce analira, anandichonderera, koma ine ndinali nditanena.

Kunja kutayamba kufunda, kusukulu kwa Tadala kunabwera nkhani ya ulendo. Ana a masukulu angapo, akuda ndi azungu omwe, ankawatenga pa basi kupita kumwera, ku Alabama ndi madera ena, kuti akaone ndi maso malo amene anthu akuda a dziko lino anavutikira pofuna ufulu wawo. Joyce anandifotokozera za mlatho umene anthu anamenyedwerapo akuyenda mwamtendere, ndi za tchalitchi chimene chinaphulitsidwa ana ali m'kati. Tadala anakondwa kwambiri, mpaka tizingwe tija anativula. Basi inkanyamukira ku Indianapolis m'mawa, choncho tinatsetsereka tsiku loti mawa ndi ulendo n'kudzagona m'nyumba ino, kuno ku Beech Grove, m'mbali mwa Indianapolis.

Titangofika ndinati, "Nkhuku ili kuti? Mwana akufunika kamba."

Joyce anati, "Amayi, musavutike. Chakudya anawaodera kale, basi izikaima pamalesitilanti."

Ine ndinati, "Mdzukulu wanga ayende ulendo wa masiku ngati mwana wopanda kwawo? Ine ndili moyo?"

Amake Yamikani, mukukumbukira zimene zinachitika m'khitchini mwanu umu. Ndinakazinga nkhuku ija mwa kwathu, mpaka kuuma. Utsi unadzaza, kachipangizo ka kudenga kaja kanayamba kulira ngati kakuphedwa, inu mukukupiza ndi thaulo, amuna anu akuthamanga ndi sokosi imodzi kukatsegula zitseko. Ine sindinasiye. Ndinaphika mazira, ndinakazinga mtedza, ndinaumba mandasi. Masamba a nthochi kulibe, ndinakulunga m'pepala lonyezimira lija. Dengu kulibe, ndipo makontena anu apulasitiki zivindikiro zake zinali zitasowa zonse, monga zimasowera mpaka lero. Ndiye ndinaona katoni ya nsapato za Yamikani pakhomo, ndinathiramo zonse, n'kumanga ndi chitenje. Mumtima ndinati, ichi n'chomaliza kumuphikira mwana ameneyu. Akakana, ndikwere ndege mtima uli m'malo.

M'mawa tinafika pakati pa tauni, pamalo oimika magalimoto pafupi ndi nyumba zazitali za boma. Basi inali itafika, ana ali piringupiringu ndi zikwama ndi mapilo. Ndinatsika ndi katoni yanga, n'kumupatsa Tadala. Iye anayang'ana chitenje, anayang'ana anzake, nkhope n'kugwa.

"Agogo, no. Please."

Analankhula ndi amayi ake Chingerezi chothamanga. Joyce ananditembenukira, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Akuti mazira anunkha m'basi, anzake amuseka." Atatero anathamanga kukasuntha galimoto, poti anali atapaka polakwika.

Ndinatsala nditaima ndi katoni m'manja, pakati pa ana a eni. Mphepo inkandilowa m'miyendo. Sindinakwiye, ndinangomva ngati wina wandinyamulanso m'khwapa n'kunditula panja. Ndinatembenuka kuti ndizitsata Joyce.

Pamenepo ndodo inagogoda pansi patsogolo panga. Anali mayi wina wachikulire, wakuda wa kuno konkuno, wamtali, wovala chipewa chofiirira. Anali mmodzi wa akuluakulu amene ankayenda ndi anawo kuti aziwauza zimene anaziona okha, ndipo ana ankawatchula Misi Odessa. Ananunkhiza m'mwamba, analoza katoni yanga ndi ndodo, n'kulankhula. Ine Chingerezi changa chimathera pa moni. Joyce kulibe. Mayiwo anakodola Tadala kuti atimasulire.

Mwana uja anasendera ngati akupita kukabayidwa jakisoni. Anati, "Agogo, akuti... m'katimo... muli chiyani?"

Amayi anzanga, chimenecho chinali Chichewa choyamba kuchimva pakamwa pake. Chinkadzandira ngati mwana wophunzira kuyenda, koma chinkayenda.

Ndinamasula chitenje, n'kutukula chivindikiro. Misi Odessa anavula magalasi. Anayamba ndi kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, kenako misozi inatsika yokha. Analankhula nthawi yaitali, ndipo Tadala ankandipatsa pang'onopang'ono, mawu akamusowa n'kumathandizira ndi manja.

"Akuti ali mwana... amayi awo ankapanga chomwechi. Katoni ya nsapato, nkhuku, mazira, keke. Akamapita ku Mississippi kwa agogo awo. Chifukwa panjira... anthu akuda sankaloledwa kudya m'malesitilanti. Akuti mwina ankawagulitsa kuseri, pa... pa..." Anajambula ndi zala kanthu kangodya zinayi m'malere.

Ndinati, "Pazenera. Ndikulidziwa zenera limenelo. Ndinaimapo."

Tadala anatong'ola maso. "Inu? Kuti?"

"Ku Limbe."

"Ku Malawi? Koma Agogo, ku Malawi anthu onse ndi akuda!"

Misi Odessa anamugunda ndi chigongono kuti awauze zimene tikukambirana. Ndiye ndinafotokoza pomwepo, pambali pa basi, nkhani imene ndakuuzani ija: sitima, buledi, khomo lalikulu. Ndinali ndisanaiuzepo munthu kuno, ngakhale Joyce, chifukwa ndinkaona ngati ya kumudzi, yosathandiza mwana wa ku Amereka. Ndikanena pang'ono, ndinkaima, Tadala n'kutembenuza. Ana anayamba kusendera mmodzimmodzi. Mphunzitsi wawo, mzungu wandevu amene ankaitana mayina, anasiya kuitana. Nditafika pogwada paja ndi kuomba m'manja, mawu a Tadala anaduka. Anayang'ana mawondo anga okalambawa, anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete, n'kupitiriza. Mawu a amayi anga a pansi pa mtengo aja anawanena kawiri, koyamba m'Chingerezi, kachiwiri m'Chichewa, chapansipansi, ngati akuwalawa.

Misi Odessa anandigwira dzanja. Linali lokhakhala ngati langa lomwe. Anangonena mawu ochepa, ndipo Tadala anati, "Akuti ndinu achemwali awo. Akuti nyanja inangokusiyanitsani."

Kamtsikana kena kachizungu, ka mawaya m'mano, kanali katasuzumira kale m'katoni, kakuloza mandasi. Tadala anakamenya kadzanja mwanthabwala. Kenako anatembenukira kwa ine, anatambasula manja onse awiri, mawondo n'kupinda pang'ono, monga ndinkamuuzira masiku onse iye osamva.

"Zikomo, Agogo. Patseni."

Ndinamanganso chitenje n'kumupatsa. Misi Odessa anakweza ndodo n'kulengeza kanthu kamene kanaseketsa basi yonse. Tadala, ali pamasitepe, anafuula kuti, "Akuti ntchafu ndi yawo, wina asayerekeze!" Joyce anafika akupuma wefuwefu basi ikutseka chitseko, n'kundifunsa kuti katoni ndataya kuti. Ndinaloza pazenera la basi. Mwana wake anali ataikumbatira pachifuwa.

Atabwerako, Tadala anandipatsa chitenje changa chitapindidwa bwino. Kamba uja, akuti, ku Alabama sanafike, anatha basi isanawoloke mtsinje wa Ohio, ndipo mazira ananunkhadi koma palibe amene anadandaula. Anakhala nane m'khitchini tsiku lonse, Chichewa apa, Chingerezi apa, manja apa. Anandiuza kuti pamlatho paja anayenda atagwira Misi Odessa mkono, ndipo ana onse anali chete, kumangomveka nsapato ndi madzi. Anandiuza za tchalitchi chija, n'kulira. Kenako anafunsa kuti, "Agogo, amayi anu dzina lawo anali ndani?" Ndinamuuza kuti anali aNachisale. Analibwereza mpaka linakhazikika. Madzulo anatenga mbale yaikulu n'kuiika patsogolo panga kuti ndimuphunzitse mandasi.

Patapita masiku Joyce anandifunsa mwamantha kuti, "Amayi, kunja kwafunda. Tikiti ija ndibuke?"

Ndinati, "Tikiti yanji? Mwanayu kukanda ufa sanadziwe, ndimusiyire ndani?"

Zinthu zasintha, amayi anzanga. Lero mdzukulu wanga amalowa khomo lililonse limene wafuna, ndipo panjira chakudya chili mbwee. Sindikunena kuti zonse zinatha. Masiku ena Joyce amabwera nkhope itagwa chifukwa wodwala wina wakana kugwidwa ndi namwino wakuda. Koma ndikaona basi yodzaza ana akuda ndi azungu, akupita dala kukamva zimene makolo awo anachitirana, akulimbirana mandasi m'katoni imodzi, mtima wanga umakhala pansi.

Tsono mumve kumene aliyense anathera. Bambo anga anabwerera ku Balaka n'kumalima thonje, koma malaya awo ankasita okha mpaka tsiku lomaliza. Mwamuna wa kabudula wa khaki uja sindinamuonenso, ndipo ndilibe naye mlandu, nayenso anali ndi ana oti adye. Amayi anga anakhala ndi moyo mpaka dziko litakhala lathu. Tsiku lina tili ku Limbe anandikoka dzanja, ine ndili kale ndi mwana kumbuyo, tinakwera masitepe aja n'kulowa pakhomo lalikulu. Anazungulira sitolo yonse osafulumira, anagula switi yofiira, n'kundipatsa.

Misi Odessa akadali moyo, ndodo yokha ndi imene yasanduka njinga ya olumala. Ndife mabwenzi opanda chilankhulo, timangogwirana manja n'kumaseka. Munthu wakuda atapambana upulezidenti wa dziko lino anandiimbira foni, ndipo tsiku limenelo womasulira sanafunike, tinangolira tonse awiri. Joyce, amene ankati chakudya anawaodera kale, lero sapita kuntchito wopanda kamba. Amake Yamikani anagula makontena atsopano, ndipo zivindikiro zasowanso.

Tadala ali ku yunivesite kuno ku Indianapolis, akuphunzira zamalamulo. Kukafunda amakwera basi ija ndi ana ena, tsopano ngati wowayang'anira, ndipo nkhuku ya m'katoni amakazinga yekha, ngakhale mchere amauopa. Ine pensulo sindinaigwirepo. Mawu anga onsewa akuwalemba ndi iyeyo, uyo wakhala pakona ndi kompyuta pamiyendo, ndipo akulemba m'Chichewa.

Tadala, mwana wanga, tseka chimenecho tsopano, ukatenge makatoni a kamba aja m'galimoto. Amayi ena pano akupita kutali, asachoke chimanjamanja.